Kwa alamu anga amene akufuna Benz kapena BMW yoyendera kuchigwa kuno

Alamu,

Uthenga wanu uja ndauwerenga. Mukufunsa mmene timabweretsera galimoto kuchokera kunja, komanso ngati ndalama mwasungazo zingakupezereni Benz ya E-Class kapena BMW ya 5 Series, yatsopano kaya yoyendapo kale, yoti muziyendera pakati pa Nchalo ndi Blantyre. Ndiyankha zonse pamodzi, chifukwa pa geni yathuyi mafunso awiriwa salekana.

Pa yatsopano sinditayapo nthawi. E-Class ndi 5 Series za mtundu watsopano zinatuluka mu 2023, ndipo mtengo wake umawerengedwa m'madola. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, ogula zoterezi ndi makampani ndi maofesi a akazembe, osati munthu wodikira pamapeto a mwezi. Ubwino wake ndi waranti, ndiponso mtima umakhala m'malo kuti palibe anaizunzapo. Koma waranti imafuna kuti sevisi iliyonse ikachitikire kwa dila wake, ndiye kuchigwa kuno mumupeza kuti? Mtengo wake umatsika kwambiri m'zaka zitatu zoyambirira. Ife timadyera pomwepo: timagula zimene ena anatayapo kale ndalama.

Za kaunjika timazitenga kumayiko oyenda kumanzere ngati ife, kumene chiwongolero chili kumanja: Japan, UK, Singapore ndi South Africa. Zochuluka ndi za ku Japan. Mtengo woyamba mumauona pa intaneti uja, wolembedwa FOB, ndi wa galimoto ili padoko la ku Japan komweko. Wofunika kufunsa ndi CIF, umene waphatikiza sitima ndi inshuwalansi mpaka ku Dar es Salaam. Mukagwirizana, amakutumizirani invoyisi, inu n'kupita nayo kubanki kukapempha madola. Masiku ano apa ndi pamene nthawi imathera, chifukwa ndalama zakunja zikusowa ndipo galimoto yosangalalira siyikhala kutsogolo pamzere. Chenjezo limodzi pano: mukalandira imelo yoti nambala ya akaunti yasintha, musatumize kalikonse musanaimbire foni ku ofesi yawo pa nambala imene munali nayo kale. Akamberembere amabisalira pamenepo.

Sitima imatenga mwezi ndi theka, nthawi zina iwiri. Ikafika pali ndalama za padoko, za ajenti wokiliya, za dalaivala ndi mafuta. Kenako galimoto iyende yokha: Morogoro, Mikumi, Iringa, Mbeya, n'kufika pa Kasumulu, tsidya lino ndiye Songwe. Mukathana ndi a MRA, itsike M1 dziko lonse, Karonga, kukwera Chiweta, Mzuzu, Lilongwe, Blantyre, mpaka idzawoloke Kamuzu Bridge. Ndi makilomita pafupifupi 2,000, ndipo galimoto yodwala imaululika isanafike kwanu. Ndikudziwa mufunsa za boda ya Marka, poti pamapu Beira akuoneka ngati ali kuseri kwa Nsanje. Msewu wa kutsidya kwa Vila Nova si wa galimoto yogwa pansi chonchi. Zotsikira ku Beira timazungulira nazo ku Tete n'kulowera pa Mwanza.

Msonkho ndi umene umagwetsa anthu ulesi. Pali dyuti, excise ndi VAT, ndipo zimatengera kukula kwa injini ndi chaka chimene galimoto inapangidwa: ikakula injini, ikakalamba galimoto, msonkho umakwera. Ziwerengero zimasintha ndi bajeti, choncho ajenti akuwerengereni pogwiritsa ntchito nambala ya chasisi musanalipire ku Japan, osati galimoto itaima kale pa Songwe ikudya ndalama za malo. Pa galimoto za gulu ili si zachilendo kuti msonkho upikisane ndi mtengo wogulira. Ndipo pali msampha. Za ku Germany zambiri zili ndi injini yaing'ono ya turbo, malita 1.8 kapena 2.0, ndiye msonkho wake umaoneka wokoma. Lexus GS350 ndi ya malita 3.5, msonkho wake ndi wowawa. Munthu amathawa kuwawa kwa tsiku limodzi pa boda, n'kukagwera kwa makaniko mwezi ndi mwezi.

Tsopano kuiyesa. Inu mukapita pamsika wa ng'ombe ku Ngabu simugula poona nyanga, mumaitsegula kukamwa n'kuona mano. Mano a galimoto ya ku Japan ndi pepala la okushoni, limene oyesa galimoto pamsikawo amalembapo mmene ilili. Pakona yakumanja pamwamba pamakhala giredi: 4.5 ndi 5 ndi zabwino kwambiri, 4 ndi yabwino, 3.5 yatopako, pamene R ikutanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Chilembo chotsatira, A, B kapena C, ndi cha mkati. Pansi pali chithunzi cha galimoto ngati yoyalidwa, cholembedwa timanambala: A1 ndi kukalika pang'ono, U2 ndi kupindika koonekera, W ndi pamene anapentapo, XX ndi chitsulo chimene anachotsa n'kuikapo china. XX pa chitseko sindidandaula nayo. Koma XX pa boneti ndi mbali zonse ziwiri zakutsogolo ndiye kuti inagunda ndi mphuno, ndipo kumeneko n'kumene kuli rediyeta, masensa ndi nyali zodula. Wogulitsa akakana kukuonetsani pepalali, dziwani kuti lilipo koma silikumukomera. Funsaninso chikalata chotulutsira galimoto m'dziko la Japan, chifukwa chimalemba makilomita amene inali nawo pa mayeso a boma apitawo. Ngati chikunena 118,000 zaka ziwiri zapitazo koma mita lero ikuonetsa 64,000, nkhani yathera pomwepo.

Za ku UK zili ndi ubwino woti mbiri ya mayeso a MOT, onga COF yathuyi, mumaiona nokha kwaulere pa intaneti ndi nambala ya galimotoyo. Kumbukirani kuti mita yake imawerenga mamailosi, ndipo pansi pamakhala dzimbiri chifukwa cha mchere umene amathira m'misewu nyengo yozizira. Zambiri ndi za dizilo zokhala ndi sefa ya utsi ya DPF, imene imatsekeka mukamangoyenda timaulendo ta pafupi, ngati kuchoka kunyumba kupita pa Nchalo trading. Za ku Joni nkhani ndi mapepala: chilolezo cha apolisi cha SARPCCO, umboni woti banki ilibenso nayo ngongole, ndipo kuno a Interpol aione. Yotchipa modabwitsa ya kumeneko ine sindiikhudza.

Pa mitundu yake, ndinena mmene ndimaonera. BMW 5 Series ya F10, ya 2010 mpaka 2017, ndiyo yokoma kuyendetsa pa zonsezi, ndipo giyabokosi yake ya ZF ya magiya 8 ndi yolimba. Koma chenjerani ndi dzina lakumbuyo. 523i ya ku Japan yoyambirira ili ndi injini ya masilinda 6 ya malita 2.5 yopanda turbo, pamene kuyambira chakumapeto kwa 2011 dzina lomwelo lili ndi N20, ya masilinda 4 ya turbo. N20 za zaka zoyambirira zimadya mapulasitiki ogwira tcheni cha taimingi, ndipo tcheni chikadumpha injini yapita. Pampu yamadzi ndi yamagetsi, imangofa osatsanzika. Ilibe kandodo koyezera oyilo, mumaonera pa sikirini. Ngakhale batire mukasintha pamafunika kompyuta yoti iuze galimotoyo kuti mwaika latsopano.

Benz E-Class ya W212, ya 2009 mpaka 2016, imanyamula mabampu bwino kuposa BMW, ndipo amakaniko oidziwa ku Blantyre ndi ochulukirapo. E250 CGI ya malita 1.8 nayonso ili ndi vuto la tcheni ndi magiya a kamushafuti. Ya W211 ya 2002 mpaka 2006 isiyeni, mabuleki ake a SBC ali ndi pampu imene ikatopa mtengo wake umaliza munthu wamkulu. Iliyonse yokhala pa mphepo m'malo mwa masipuling'i, imene amati Airmatic, isiyeninso: mudzaipeza m'mawa itagwada. Audi A6 yokhala ndi giyabokosi ya Multitronic sindibweretsera mbale wanga.

Ndiye pali za banja la Toyota zimene anthu amazinyoza chifukwa chizindikiro chake sichiwopsa paukwati: Lexus GS, imene inasiya kupangidwa mu 2020, Crown Athlete, ndi Mark X imene inatha mu 2019. Zonsezi zimakoka ndi matayala akumbuyo ngati Benz ndi BMW zija, ndipo V6 ya malita 2.5 ya mu GS250 ndi yomweyo ili mu Mark X, imene yadzaza m'misewu yathu. Ndiye kuti masipeya mumawapeza ku Limbe tsiku lomwelo, osadikira basi ya ku Joni. Zimamwa petulo kuposa za turbo, zimenezo n'zoona. Za hybrid, monga GS450h, ndimaziopa kuno chifukwa batire lake lalikulu lija silikondana ndi kutentha.

Kutenthako ndiye woweruza wamkulu. Mu Okutobala ndi Novembala kuno timapitirira madigiri 40, ndipo ulendo uliwonse wa ku Blantyre ndi kukwera mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa Thabwa, m'makona, kumbuyo kwa lole ya shuga imene simungaipitirire. Injini za ku Germany zinapangidwa kuti zizigwira ntchito zili zotentha kale, ndipo mapaipi amadzi, thanki yake ndi zolumikizira zambiri ndi zapulasitiki zimene zikakwana zaka 10 zimauma n'kusweka. Mukagula, musadikire kuti ziwonongeke: pampu yamadzi, themositati ndi mapaipi okalamba zisinthidwe isanayambe ulendo wake woyamba wokwera phiri. M'rediyeta muzikhala kulanti weniweni, osati madzi a pamjigo, amene m'madera ambiri kuno ndi amchere. Oyilo akhale sinthetiki wa giredi yake, ndipo musamvere kompyuta ikamati muyendebe. Fumbi ndi kutentha kwa kuno zimafuna kusintha msanga.

Ngati mwasankha kugula imene ili kale m'dziko muno, njira imene ndimailimbikitsa kwa munthu wogula koyamba, pitani m'mamawa injini isanalizidwe. Ikani dzanja pa boneti. Ikakhala yofunda, mwini wake anadzuka kale kudzabisa kanthu. Tsegulani boneti, wina alize, inu mutchere khutu masekondi atatu oyambirira: kukhetchera ngati unyolo ukukokedwa pa lata ndi tcheni chija. Nyali zonse za pa dashibodi ziyake mukatembenuza kiyi, kenako zizime. Ikasowa imodzi, makamaka ya injini kapena ya airbag, wina anaitseka dala. Tengani makaniko wa kompyuta, wanu osati wa wogulitsa. Kenako pemphani kutsika nayo mpaka pa Thabwa n'kukweranso masana, AC ili pamwamba, m'galimoto muli anthu anayi. Potsika mumva ngati chiwongolero chikunjenjemera mukaponda buleki, pokwera muona ngati muvi wa kutentha ukusuntha kapena giya ikugunda. Wokana ulendo umenewo wakupulumutsani.

Ndi kunonso kumene galimoto zinamira mu 2015, nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi ya Freddy mu Malichi 2023, ndipo zina zinatsukidwa n'kubwerera pamsika. Kokani lamba wa pampando mpaka kumapeto muone ngati pali mzere wa matope. Tukulani kapeti ya m'buti, muone dzimbiri pa njanji za mipando. Galimoto izi zili ndi timakompyuta pansi pa kapeti ndi m'buti, ndipo madzi akalowamo matenda ake satha.

Za kutalika kwake kuchokera pansi: zonsezi zili pa masentimita pafupifupi 14, ndipo BMW za M Sport n'zotsikirapo ndi sentimita ina. Pa phula la M1 palibe vuto kupatula mahampu ndi maenje a pambuyo pa mvula. Koma kupita kumaliro ku East Bank, kapena kumudzi kwa apongozi anu mu Febuluwale, mudzabwereka ya wina. Malimu a mainchesi 19 ndi okongola pachithunzi, pa dzenje loyamba amapindika. Sankhani 17. BMW zambiri zimabwera ndi matayala oyenda ngakhale ataphwa, popanda tayala la sipeya, ndipo oterowo pa Ngabu kapena Bangula simuwapeza. Gulani sipeya ndi jeke, ngakhale zidye malo m'buti.

Mapepala a galimoto ya kuno muwaone musanapereke kobiri: umboni wa MRA woti msonkho unalipidwa wonse, blue book yogwirizana ndi nambala ya chasisi imene mwaiwerenga ndi maso anu, COF ndi inshuwalansi. Zilipo zimene zinalowa ngati za mlendo wodutsa kapena zopanda msonkho m'dzina la bungwe, ndipo tsiku lozilanda salanda kwa amene anagulitsa. Ku Road Traffic mupite ndi mwini wake weniweni, osatuma dobadoba.

Kunena za ndalama zanu zija, ine ndingachotsepo kaye gawo limodzi mwa magawo asanu n'kuliika pambali, la matayala, sevisi yoyamba ndi zamadzi zija. Zotsalazo ndizo mtengo wa galimoto itafika pakhomo, msonkho ndi kakomishoni kanga zili momwemo. Pa ndalama imeneyo kusankha kwanga ndi GS250, kapena Crown Athlete ngati GS yabwino isowa. Ngati mtima wakakamira nyenyezi ya Benz, ikhale W212 ya masipuling'i, malimu 17, giredi 4 kupita m'mwamba, ndipo muyambe mwapeza makaniko ku Blantyre amene adzakuyankheni foni Lamlungu.

Nditumizireni chithunzi cha msewu wochoka pa phula kufika pageti panu, makamaka pa kamlatho paja, ndiponso mundiuze ngati banki yakulonjezani madola. Zikatero ndiyamba kukutumizirani mapepala a okushoni a sabata ino kuti tiziwawerenga limodzi.