Kodi nthaka ya kumpoto kuno ikung'ambikadi? Yankho kwa mayi wa ku Chibavi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi mu Mzuzu. Akuti usiku wina anadzidzimuka bedi likugwedera, mbale zili gwedegwede m'kabati, agalu akuuwa dera lonse. Kutacha, pa gulu lawo la WhatsApp panabwera uthenga woti Africa ikugawika pakati ndipo Malawi adzamira m'nyanja. Funso lawo ndi ili: "Kodi n'zoona? Nanga bwanji zivomerezi zimakonda kumpoto kuno? Ndapeza puloti, koma mtima ukukayika kumanga."

Mayi, zikomo polemba. Uthengawo uli ndi kachoonadi pang'ono, koma wathiridwa mchere wambiri. Nthaka ikutanukadi, ndipo umboni wake mumaudutsa nthawi zonse mukamapita kukagula usipa kunyanja.

Kumbukirani ulendo wa pa minibasi kuchoka mu Mzuzu kupita ku Nkhata Bay. Mumanyamuka mutavala juzi, chifunga chili mbuu. Msewu umangotsetsereka, makutu n'kutsekeka, ndipo ola lisanathe mwavula juzi ija, thukuta lili kamukamu. Mzuzu uli pamwamba mamita oposa 1,200 kuyerekeza ndi pamene pamalekeza madzi a nyanja zamchere, pomwe madzi a Nyanja ya Malawi ali pa mamita osafika 500. Kutsikako sikuthera pagombe ayi. Kumpoto kwa Nkhata Bay nyanja ndi yakuya pafupifupi mamita 700, kutanthauza kuti pansi pake ndi potsika kuposa pamwamba pa nyanja ya Indian Ocean. Palibe mtsinje umene ungakumbe dzenje lotere. Pamenepa nthaka inachita kutitimira.

Kuti timvetse, tiyambe ndi mmene dziko lapangidwira. Kuchoka pomwe mwaimapo kukafika pakatikati pa dziko pali makilomita pafupifupi 6,370. Gawo lapamwamba limene timalimapo ndi kumangapo ndi lopyapyala, makilomita 30 mpaka 50 basi kumtunda kuno. Pansi pake pali thanthwe lotentha kwambiri lochindikala makilomita pafupifupi 2,900. Ambiri amaganiza kuti kumeneko ndi chiphalaphala chokhachokha, koma ayi, ndi mwala wolimba ndithu, kungoti chifukwa cha kutentha umasuntha pang'onopang'ono ngati phula la pamsewu mwezi wa Okutobala: mukaligogoda ndi lolimba, koma malole akamadutsapo limakankhika. Chigoba chapamwamba chija si chimodzi. Ndi zibenthu zikuluzikulu zimene zimayenda pamwamba pa thanthwe lofewalo, kwina kugundana, kwina kukhulana, kwina kutalikirana.

Ife tili pamene zikutalikirana. Kuchokera ku Ethiopia, kudutsa Kenya ndi Tanzania mpaka ku Mozambique, kuli mzere wa zigwa umene akatswiri amautcha East African Rift. Nyanja ya Tanganyika ndi yathuyi zili mu nthambi ya kumadzulo ya mzerewu. Mbali ya kum'mawa ikuchoka pa mbali ya kumadzulo, ndipo thanthwe likakokedwa chonchi limang'aluka, chibenthu chapakati n'kutsika, m'mphepete n'kutsala m'mwamba. Madzi anangodzaza potsikapo. Mukaima ku Chilumba tsiku lopanda nkhungu, mapiri a Livingstone a tsidya la ku Tanzania amaoneka ngati khoma lotuluka m'madzi. Khomalo ndi nkhope ya mng'alu waukulu. Chimodzimodzi chitunda cha Chiweta, ndi msewu wa Gorodi wokhotakhota wokwera ku Livingstonia.

Pa Chiweta pomwepo pali chinthu chimene ndimafuna mwana wa sukulu aliyense wa kuno atachiona ndi maso ake. Pafupi ndi msewu wa M1 pali kasupe wa madzi otentha. Ndinafikapo m'mamawa wina kukuzizira, nthunzi ili tolotolo pamwamba pa udzu, kafungo ngati ka dzira lowola kakumveka. Ndinayesa kuviika chala, ndinachibweza msangamsanga. Madziwo ndi a mvula wamba. Amalowa pansi kudzera m'ming'alu, kukafika kumene miyala ndi yotentha, n'kubwerera kumtunda kudzera m'ming'alu yomweyo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, chifukwa zimene ndinkangowerenga m'buku zinali zitandiotcha chala.

Nanga chivomerezi chimabwera bwanji? Tengani nzimbe muipinde pa bondo. Poyamba imangopindika mwakachetechete, mphamvu ikuunjikana, kenaka mwadzidzidzi thyo! Ming'alu ija siterereka tsiku ndi tsiku. Mbali ziwiri zimagwirana zolimba kwa zaka mazana pomwe kukoka kukupitirira, mpaka tsiku lina zimapulumukana m'kanthawi kochepa. Kunjenjemera kochokera pamenepo ndi kumene kunagwedeza mbale zanu.

Tsono apa ndi pamene uthenga wa pa WhatsApp uja wasokoneza. Chigwa chathuchi chikutanuka ndi mamilimita ochepa pa chaka, osafika ngakhale asanu. Zikhadabo za m'manja mwanu zimakula msanga kuposa pamenepo. Pa moyo wonse wa munthu, mtunda wapakati pa Nkhata Bay ndi Mbamba Bay, tsidya la ku Tanzania, ungawonjezereke ndi utali wa rula ya mwana wa sukulu, mwinanso osafika. Kuti madzi amchere adzalowe kuno ndi nkhani ya zaka mamiliyoni ambiri, ndipo zigwa zina zotere zinayamba kung'ambika kenaka n'kuleka. Puloti yanu siidzamira.

Koma sindikufuna kuti muchoke pano mukuganiza kuti palibe choopsa. Pa 10 Malichi 1989 chivomerezi champhamvu yoposa 6 pa sikelo yoyezera zivomerezi chinagwedeza Salima, anthu anafa ndipo zikwizikwi anasowa pokhala. Mu Disembala 2009 Karonga anagwedezeka kangapo motsatizana, kuyambira pa 6 Disembala, ndipo chivomerezi chachikulu, cha mphamvu ya 6.0, chinabwera pa 19 Disembala. Ife a mu Mzuzu tinazimva. Anthu a ku Karonga anagona panja masabata ambiri, ndi nyengo ya mvula. Manambalawa asakunamizeni kuti 5 ndi 6 n'zoyandikana: kukwera ndi nambala imodzi ndiye kuti mphamvu yachuluka pafupifupi ka 32. Komanso palibe katswiri, kaya wa ku nthambi ya boma yoona za miyala ku Zomba kaya wa ku Japan, amene anganene tsiku ndi ola la chivomerezi. Uthenga wotchula tsiku musautumize kwa ena, chonde.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti ku Karonga anthu sanavulazidwe ndi nthaka, anavulazidwa ndi makoma a nyumba zawo. Nyumba zambiri zimene zinagwa zinali za njerwa zomangira dothi, makoma osalumikizana bwino m'makona, zopanda chomangirira pamwamba. Ndipo kuno ku Mzuzu tili ndi vuto lina lowonjezera. Dothi lathu lofiirali ndi lakuya, mvula ndi yambiri, ndipo m'madera ngati Masasa anthu amasema phiri n'kumanga pansi penipeni pa chigumuchi. Dothi lokhuta madzi silifuna kugwedezedwa kwambiri kuti ligumuke.

Ndiye mangani, mayi, koma mukakhale pansi ndi mmisiri wanu musanaumbe ndi njerwa imodzi yomwe. Maziko akumbidwe mpaka pa nthaka yolimba, osati pa dothi lothira. Njerwa zimangidwe ndi simenti, zilumane bwino m'makona. Pamwamba pa mawindo ndi zitseko padutse ring beam ya konkire ndi zitsulo kuzungulira nyumba yonse, osati tizidutswa pa windo lililonse. Ndikudziwa kuti thumba la simenti lakwera mtengo, ndipo mmisiri wina adzakuuzani kuti zimenezi n'kungotaya ndalama. Ine ndikanati kuli bwino kuchepetsa chipinda chimodzi kusiyana n'kusiya ring beam. Windo lisakhale pafupi kwambiri ndi kona, ndipo denga limangiriridwe ku khoma ndi waya kapena zitsulo.

Usiku wina kukadzagwedezekanso, musathamangire pakhomo mumdima ndi ana, chifukwa njerwa za pamwamba pa khoma zimagwera panja pomwepo. Lowani pansi pa tebulo kapena bedi lolimba, mutchinjirize mutu. Kugwedezeka kukaleka tulukani, mukaime pabwalo kutali ndi makoma, mpanda wa njerwa ndi mapolo a magetsi, poti kawirikawiri chimabweranso chivomerezi china pambuyo. Mukandiuze dera limene puloti yanu ili, ngati ndi potsetsereka kapena kudambo, ndidzakulembereni za maziko oyenera malowo.