Zopempha bwana kuti akukwezereni malipiro

Achemwali, mwafunsa ziwiri, zopempha bwana kuti akukwezereni malipiro ndi zoti bambo akunyumba azithandizako ntchito zapakhomo. Ine ndiyankha ya kuntchitoyo, inayo ayankhe odziwa.

Chonde musamvere anthu amene amalemba kuti mukangouza bwana kuti "mukapanda kundikwezera ndisiya". Mawu amenewo amakoma polemba pa foni basi. Komwe ndinkagwira kale kunali mnzanga wina wolimbikira ntchito kwabasi, analowa mu ofesi ya bwana ndi mawu omwewa pomwe kalata ya ntchito ina alibe, ngakhale ku intavyu sanaitanidweko kulikonse. Bwana sanakalipe ayi, anangotseka laputopu n'kunena kuti "tamva, notisi yanuyo mutipatse polemba". Munthu anatuluka thukuta lili kamukamu, mawa lake n'kubwerera kukapepesa, ndiye kuyambira pamenepo nkhani ya malipiro sanaiyambenso chifukwa ofesi yonse inadziwa kuti alibe kolowera. Mphamvu zanu pokambirana zili pa chomwe mungachite akakukanani, ndiye ngati kwina sanakupatseni ntchito musaopseze munthu.

Komanso musapite ndi mavuto anu, zoti lendi yakwera, ana akufuna fizi. Bwana amva chisoni inde koma naye ali ndi omuyang'anira, chisoni sangachilembe mu lipoti. Mupite ndi pepala lolemba zomwe mwachita, ntchito zomwe anakuwonjezerani zimene sizili mu kontrakiti yanu, makasitomala omwe mwabweretsa, zinthu zoti iyeyo akhoza kungotenga kukaonetsa kumtunda. Ndipo mupite asanatseke bajeti ya chaka chamawa, mukachedwa yankho lake amakhala nalo kale, "bajeti inadutsa".

Nambala muitchule nokha mutafufuza kaye kuti a udindo ngati wanu akulandira zingati kwina, chifukwa nambala yoyamba kutchulidwa ndi imene nkhani yonse imazungulirapo. Ngati mumtima mukufuna 10 peresenti yambirani cha m'ma 15, osati kulumpha mpaka 50 akusekani. Musanene kuti "pakati pa zakuti ndi zakuti", atenga yapansiyo. Mukatchula khalani chete! Apa ndi pamene ambiri amagwera, bwana akangokhala duu pang'ono iwo ayamba okha "komabe ngakhale zochepa ndilandira", kudzitsitsa mtengo munthu asanayankhe n'komwe.

Akati ndalama palibe musatuluke chimanjamanja, pemphani zina zomwe kwa iwo n'zotsika mtengo, masiku a tchuthi, kosi yoti akulipirireni, kapena tsiku lenileni loti mudzakhalenso pansi. Zilizonse mwagwirizana mukafika pa desiki tumizani imelo yobwereza zomwe mwakambirana, mabwana amasinthidwa ndipo wobwerayo zapakamwa sazidziwa.

Za kunyumbazo chimodzi chokha, musaziyambe mutatopa kapena mwakwiya kale, ndipo m'malo moti "simundithandiza" tchulani ntchito imodzi ndi tsiku lake, mwina kusambitsa ana Loweruka, iwo asankhe pakati pa imeneyo ndi ina.