Funsani Makanika: Sienta yanga ikulira fwiii mu boneti

FUNSO: A Makanika, ndili ndi Toyota Sienta yomwe ndimanyamulira anthu pakati pa Ngabu ndi Nchalo, masiku ena mpaka ku Blantyre. Chiyambireni kutentha kwa Okutobala, ndikaima pa siteji ndikumamva kaphokoso ka fwiii mu boneti, ngati tayala likuphwa. Galimoto ikuyenda ndithu, koma madzi ndikumathira pafupipafupi, ndimatunga pa mjigo wa kwathu. Anzanga akuti ndi fan belt. Nditani?
Dalaivala, Ngabu

YANKHO: Bambo, fan belt ayi. Lamba akamatha amalira mokwera kuti kwiii, makamaka mukangoliza galimoto m'mawa. Fwiii ndi mpweya kapena nthunzi yomwe yapeza potulukira posayenera. Ndipo ponena kuti madzi akutha mwandisonyeza kale kolowera. Galimoto yabwinobwino simwa madzi. Akamachepa ndiye kuti penapake akudontha.

Choyamba chitani ichi. Mukafika pa siteji injini itatentha, tsegulani boneti, muzimitse galimoto, mutchere khutu. Phokoso likapitirira injini itazima, ndi madzi otentha. Likaleka nthawi yomweyo, ndi mpweya womwe injini imakoka pa paipi yong'ambika. Ngati munayatsa AC, kaphokoso kakang'ono kotha pakanthawi kochepa kasakudetseni nkhawa, ndi gasi wake akukhazikika.

Ine ndikukayikira madzi. Pachitsekero cha rediyeta pamakhala nambala, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1. Ntchito ya chitsekerocho ndi kupanikiza madziwo kuti asawire pa madigiri 100 monga amachitira pamoto, koma azifika cha m'ma 120. Kamphira ka pansi pa chitsekerocho kakauma, kapena paipi ikabooka ngakhale pang'ono chabe, madzi amawira msanga, nthunzi n'kumatuluka ndi phokoso lomwe mukumvalo. Kuno kuchigwa, kumene m'miyezi ino kumatentha kudutsa madigiri 40, mphira zimauma mofulumira kwambiri.

Musatsegule chitsekero injini ikadali yotentha, ngakhale mutagwira ndi kasanza. Madziwo amathovoka mpaka kumaso, ndipo chilonda chake n'chogonetsa m'chipatala. Dikirani m'mawa izizire, kenako muunike ndi tochi pomwe mapaipi awiri akuluakulu alumikizana ndi rediyeta, ndiponso mzere womwe pulasitiki wa pamwamba wakumana ndi chitsulo. Podontha pamauma tinthu toyera tonga ufa, kapena tofiirira ngati munali coolant, madzi apadera oziziritsira injini. Finyani mapaipiwo ndi dzanja: yabwino imabwerera yokha, yotha imakhala gwa kapena yofewa kwambiri ndi yotupa. Mukapanda kuona kanthu, pitani ku galaja yomwe ili ndi pampu yoyezera rediyeta. Akapopa, pobooka pamaonekera pompo. Paipi yobooka musinthe pamodzi ndi zomangira zake. Malegeni ndi ofikitsa galimoto ku galaja basi, osati onyamulira anthu sabata yonse. Chitsekero chatsopano chikhale cha nambala yofanana ndi chakalecho.

Za madzi a pa mjigozo zandikhudza kwambiri. Mukudziwa nokha kuti mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatuluka madzi amchere. Mcherewo umadya rediyeta ndi pampu ya madzi kuyambira m'kati, n'kutseka timizere tomwe madzi amaziziramo. Mukakonza podonthapo, akhuthule madzi onse, atsuke, athire coolant. Ndi ndalama ndithu, koma yochepa poyerekeza ndi rediyeta yatsopano.

Tsono ngati phokoso likuleka mukazimitsa, yang'anani paipi yaikulu yakuda yochoka pa bokosi la air filter kupita ku injini. Imakonda kung'ambika m'makwinya mwake, chakunsi kosaoneka, ndiye muipinde pang'ono muone. Timapaipi ting'onoting'ono ta pamwamba pa injini natonso timauma n'kusweka m'mapeto. Zikatero injini imanjenjemera galimoto itaima, nthawi zina kuzima pa hampu, ndipo mafuta amatha msanga. Ine ndimatenga kachidutswa ka paipi yothirira, mbali ina kukhutu, inayo ndikuyendetsa m'mbali mwa mapaipi mpaka phokoso litakula. Manja ndi malaya zikhale kutali ndi fani ndi lamba.

Koma fwiii akamamveka mukaponda buleki, imeneyo ndi booster, chida chothandiza kuti buleki isalimbe popondapo, ndipo si yozengereza nayo. Injini itazima, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe, musachotse phazi, mulize galimoto. Phazi liyenera kutsikako pang'ono. Likapanda kutsika, musayerekeze kutsetsereka nayo kuchoka ku Blantyre kutsikira pa Thabwa muli ndi anthu.

Ulendo wa ku Blantyre uyambe waima mpaka mutakonza. Msewu wa Ngabu ndi Nchalo ndi wathyathyathya, n'chifukwa chake galimoto ikuoneka ngati ilibe vuto. Chitunda cha pa Thabwa, magiya aang'ono, anthu odzaza ndi katundu kumbuyo, n'chimene chimapsereza gasiketi madzi akachepa. Kanyali kofiira ka kutentha kakayaka, patukani pamalo abwino muzimitse. Ndipo mukaona utsi woyera wosatha ku ekizozi, kapena oyilo atatuwa pa chitsekero chake, musailizenso, itanani makanika abwere pomwe yaimapo.