Kodi ndalama za mfuti zingabweze nkhalango?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa m'modzi wa inu, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditero. Funso lake linali lakuti, "Achimwene, maiko akumwaza ndalama zankhaninkhani pogula mfuti ndi ndege zankhondo pomwe nkhalango zikutha, mitsinje ikuuma. Bwanji osangotenga ndalama za asilikalizo n'kudzalira mitengo? Kapena ndikulota?"

Simukulota ayi akulu, masamu ali mbali yanu. Bungwe la SIPRI la ku Stockholm lomwe limawerengera zimenezi chaka ndi chaka linati mu 2024 maiko onse pamodzi anagwiritsa ntchito madola pafupifupi 2.7 thililiyoni pa zankhondo, America yokha inatsala pang'ono kukwana 1 thililiyoni. Pomwe mu 2009 ku Copenhagen maiko olemera analonjeza kuti pofika 2020 azipereka madola 100 biliyoni pachaka kuthandiza maiko osauka pa zakusintha kwa nyengo, koma anadzakwanitsa mu 2022, ndipo zambiri mwa ndalamazo zinali ngongole. Tangoganizani, 100 biliyoni yomwe anaivutikira zaka zonsezo ndi imene zankhondo zimameza m'masabata awiri okha basi.

Koma pali pena pomwe ine ndimasiyana ndi anthu ambiri okamba nkhaniyi. Aliyense amathamangira kutchula Costa Rica, akuti onani anathetsa gulu la asilikali ndipo nkhalango zinabwerera. Zoona, mu 1948 mtsogoleri wa dzikolo José Figueres anathetsadi gulu lankhondo ndipo mu 1949 anazilemba m'malamulo oyendetsera dziko, ndalama zambiri zinapita kumasukulu ndi kuzipatala. Koma mitengo ija? Anthu anapitiriza kugwetsa osaleka, kutsegula malo odyetsera ng'ombe, moti pofika zaka za m'ma 1980 nkhalango inatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a dziko lonse, zaka zoposa 30 kulibe msilikali koma nkhwangwa ikulirabe tsiku ndi tsiku. Chinasintha zinthu ndi lamulo la nkhalango la 1996 lomwe linaletsa kusandutsa nkhalango kukhala minda kapena madyetsero, kenako mu 1997 boma linayamba kulipira eni malo kuti asunge mitengo yawo, ndalama zake zikuchokera ku msonkho wa mafuta agalimoto. Lero theka la dzikolo ndi kupitirira ndi nkhalango.

Ndiye mukuona apa, ndalama ikachoka kwa asilikali siyenda yokha kukafuna mbande. Imabwerera m'thumba la boma ndipo kumeneko kuli pakamwa pambirimbiri podikira, ngongole, misewu, malipiro, ena ongofuna kudya. Ngati palibe lamulo loti ndalama iyi ipite uku ndipo alandire ndi munthu amene akukhala pafupi ndi mitengoyo, ingosungunuka. Komanso kudzala n'kosavuta, tsiku limodzi anduna ajambulitsa atagwira khasu zatha, chovuta ndi kulipira munthu woti asamalire mtengowo zaka khumi.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti nkhondo yokhayo imasiya zonyansa zoti ena akolope. Ku Vietnam asilikali a America anapopera Agent Orange ndi mankhwala ena ofota masamba kuyambira 1961 mpaka 1971, ndipo poizoni wake adakali m'dothi. Kuyeretsa bwalo la ndege la Da Nang lokha kunatha mu 2018 ndipo kunadya madola pafupifupi 110 miliyoni, la Bien Hoa ndi lalikulu kuposa pamenepo. Kwa ine bilu ngati imeneyi imayenera kutuluka mu bajeti ya asilikali, waipitsa pabwalo asese yekha. Ndipotu utsi wa ndege ndi sitima zankhondo maiko sakakamizidwa kuulengeza wonse, pa mgwirizano wa zanyengo wa ku Paris mu 2015 anasiya kuti ofuna anene osafuna akhale.

Asilikali enieniwo si kuti sangagwire ntchitoyi. India mu 1982 inakhazikitsa gulu la asilikali opuma pantchito loti lizidzala mitengo, anakonzanso mapiri a ku Mussoorie omwe anakumbidwakumbidwa ndi ofuna miyala ya laimu. Anthuwa ali ndi malole, ali ndi mwambo, akauzidwa kuti dzukani 5 koloko amadzukadi.

Nanga bwanji sizikuchitika? Mantha, akulu. Chiyambire Russia kulowa mu Ukraine mu February 2022 maiko a ku Ulaya akugula zida ngati mawa kulibe, mu 2025 ku The Hague ku Netherlands maiko a mu NATO, mgwirizano wa zachitetezo wa America, Canada ndi maiko ambiri a ku Ulaya, anagwirizana zokweza ndalama za chitetezo kufika 5 peresenti ya chuma chawo pofika 2035. Ndipo simungamuuze munthu wa ku Poland kapena Estonia kuti siyani akasinja dzalani mitengo pomwe akumva kugunda kwa mizinga kwa neba, akuyang'anani ngati mwapenga. Britain ndiye inachita kunena poyera chaka chomwecho kuti ikudula thandizo lopita ku maiko osauka kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.3 peresenti ya chuma chake kuti iwonjezere ku zankhondo. Ndiye pomwe inu mukufunsa zochotsa kwa asilikali kupititsa ku mitengo, panopa ndalama ikulowera kwinako.