Ukufuna kutumikira osauka? Yamba wakonza masamu akowo

Mtsikana wina wa ku Dedza wandilembera chonchi: "Ndinalemba MSCE ndipo ndinapeza mapointsi 24, koma masamu ndinapeza 7. Dzina langa silinatuluke pa mndandanda wa opita ku mayunivesite a boma. Chiyambire Fomu 2 mtima wanga uli pa usisiteri, ndikufuna kuthandiza osauka ndi odwala. Bambo akuti anagulitsa ng'ombe kuti ndiphunzire, ndiye ndikapita kwa asisiteri ndalama zawo zalowa m'madzi. Akufuna ndikaphunzire za akaunti kuti ndidzathandize azing'ono anga. Anzanga akuti asisiteri adzandilipirira sukulu. Kodi ndingothawa n'kupita?"

Makalata otere amachuluka mayina a ku yunivesite akangotuluka, ndipo nthawi yake imeneyi ndiyo imandidetsa nkhawa. Mwana wanga, usathawe. Sindikukayikira mtima wako, koma dzifunse funso ili wekha usiku usanagone: dzina lako likanatuluka ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kapena ku UNIMA ku Zomba, kodi ukanalembabe kalata imeneyi chaka chino? Ngati yankho ndi inde, mayitanidwe akowo sangaole chifukwa chodikira zaka zitatu. Ngati ndi ayi, ndiye kuti ukufuna pobisala, ndipo asisiteri oyang'anira za mayitanidwe amamuzindikira msanga munthu wobwera kudzabisala.

Za anzakozo, asiye. Chipani cha asisiteri si bungwe lopereka mabasale. Munthu amadutsa m'magawo okonzekera usisiteri: amayamba ngati aspiranti, kenaka postulanti, kenaka novisi kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndiyeno malumbiro a kanthawi omwe malamulo a Mpingo amati akhale a zaka zosachepera zitatu asanafike pa malumbiro a moyo wonse. Akakutumiza kusukulu, amasankha ndi akuluakulu a chipani, potengera chosowa cha chipanicho, osati maloto ako. Ukadzayamba ntchito, malipiro ako sadzalowa m'thumba mwako. Amene amalowa ndi maso pa fizi amatuluka ali ndi zaka 26, wopanda pepala, wokwiyira Mulungu ndi anthu omwe.

Popeza wati ukufuna osauka, ndikuuze kumene mwambo wotumikira osauka womwe ukuusirirawu unakhwimira, chifukwa mbiri yake ikuyankha funso lako kuposa ine. Mu Ogasiti 1617, wansembe wina wa ku France, Vincent de Paul, anali pa parishi ya Châtillon. Ali pafupi kuyamba Misa anauzidwa za banja lina kunja kwa tauni lomwe onse anali chigonere ndi matenda, popanda wophikira mnzake. Analalikira za banjalo, ndipo masana ake msewu unadzaza ndi anthu onyamula chakudya. Wina akanangothokoza Mulungu n'kupita kukagona. Vincent anaona vuto: chakudya chonsechi chafika tsiku limodzi, china chiwonongeka, ndipo pakatha masiku ochepa banjali libwerera pa njala yomwe ija. Anati chifundo chilipo chambiri, koma chilibe dongosolo. Anasonkhanitsa amayi a pa parishipo n'kuwagawira masiku, aliyense tsiku lake.

Malamulo amene anawalembera amandigwira mtima mpaka lero. Mayi amene ndi tsiku lake aphike, anyamule chakudyacho, alonjere wodwala ndi nkhope yosangalala, ayale kansalu, aike kapu, supuni ndi buledi, amusambitse m'manja, amudulire nyama ngati sangathe yekha. Ayambire kwa odwala amene ali ndi wowadwazika, amalizire kwa amene ali okha, kuti akakhale nawo nthawi yaitali. Munthu amene analemba zimenezi sankaganiza za misozi ya chisoni. Ankaganiza za ntchito yochitika bwino lero, mawa ndi mkuja.

Pa 29 Novembala 1633, Vincent pamodzi ndi mayi wamasiye Louise de Marillac anayambitsa chipani cha Daughters of Charity. Nthawi imeneyo sisiteri ankayenera kukhala wotsekeredwa m'nyumba ya mpanda. Awa anawatulutsa: nyumba za odwala ndizo zikhale nyumba yawo ya chipani, misewu ya mumzinda ndiyo ikhale mpanda wawo. Ambiri anali atsikana a kumudzi ngati iwe, ndipo Louise sanawatumize chimanjamanja. Anawaphunzitsa kuwerenga, kusamala odwala, kukonza mankhwala ndi kusunga kaundula wa ndalama. Pamene ankatenga chipatala cha ku Angers cha m'ma 1640, Louise anakhala pansi ndi akuluakulu a mzinda n'kusainirana mgwirizano wolembedwa. N'chifukwa chake mu 1960 Papa John XXIII anamuika kukhala nkhoswe ya Akhristu ogwira ntchito zosamalira anthu. Mtsikana amene Vincent ankamutchula kuti ndiye anawatsegulira njira, Marguerite Naseau, anali woweta ng'ombe wa ku Suresnes. Anagula kabuku ka zilembo, n'kumafunsa anthu odutsa m'njira kuti chilembo ichi n'chiyani, mpaka anadziphunzitsa kuwerenga, kenaka n'kumaphunzitsa ana anzake. Anamwalira mu 1633 atatenga mliri kwa wodwala amene anamugoneka pabedi lake. Woweta ng'ombe anadziphunzitsa kuwerenga ali kubusa, ndiye iwe wofika Fomu 4 ukundiuza kuti 7 wa masamu ndiye mapeto a sukulu?

Ndakhazikika pa masamu dala. Ganiza za wodi ya ana pa chipatala cha mishoni, nthawi ili 2 koloko usiku, magetsi azima, dokotala ali ku fiyeta. Mayi wafika ndi mwana wa makilogalamu 8 akukomoka ndi malungo. Namwino ayenera kuwerengera mlingo wa mankhwala potengera kulemera kwa mwanayo, ndi kudziwa kuti diripi idonthe madontho angati pa mphindi. Akaphonya, mwana wapita. Mayi ameneyo sadzakufunsa ngati umamukonda. Osauka ndi amene amafunika katswiri kwambiri, chifukwa alibe ndalama yopitira kwina iwe ukalakwitsa.

Njira imene ine ndikuikhulupirira pa iwe ndi iyi. Lembetsanso MSCE, ukonze masamu, ndipo ngati sayansi yako ndi yofooka, uikonzenso. Kenaka funsira malo m'makoleji a unamwino ndi uzamba a pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo. A Katolika alipo: Holy Family ku Phalombe, St Joseph's ku Nguludi, Trinity ku Muona m'boma la Nsanje, komanso St John of God ku Mzuzu, yomwe imadziwika ndi za matenda a maganizo ndi uphungu. Dipuloma ya unamwino ndi uzamba imatenga zaka zitatu, ndipo ukamaliza umalemba mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi kuti upeze chilolezo chogwirira ntchito. Makolejiwa amayang'ana makirediti a Chingerezi, masamu, bayoloje ndi sayansi zina, choncho uwerenge bwino chilengezo cha chaka chimene ukufunsira malocho, usadalire za m'maluwa. Ngati magazi amakuchititsa chizungulire, ku Catholic University ku Nguludi kuli digiri ya Social Work, ntchito yomweyo ya Louise de Marillac. Kulinso uphunzitsi.

Sindikunamiza kuti pepala la unamwino ndi ntchito ya pompopompo. Anamwino ambiri omaliza maphunziro akhala akudikira boma kuti liwalembe, ena akugwira maganyu a lokamu m'zipatala. Fizi nayo ndi yowawa. Koma luso limenelo umapita nalo kulikonse. Ukadzagogoda kwa asisiteri a Servants of the Blessed Virgin Mary (SBVM), a Teresian kapena a Daughters of Wisdom uli ndi dipuloma m'manja, udzalowa ngati munthu wobweretsa kanthu. Ukadzazindikira pakati pa njira kuti usisiteri si wako, udzatuluka ndi mutu woimika, n'kukatumikira osauka omwewo uli pabanja.

Zoti kutumikira osauka n'kwa ovala velo okha si zoona. Mu 1833 ku Paris, mnyamata wa zaka 20 wophunzira zamalamulo ku Sorbonne, Frédéric Ozanam, anatonzedwa ndi anzake osapemphera kuti Mpingo wanu umangonyadira zakale, nanga lero mukuchitira chiyani osauka? Iye ndi anzake ochepa anayamba kuyendera mabanja ovutika, atanyamula nkhuni ndi chakudya, motsogoleredwa ndi Sisiteri Rosalie Rendu amene ankadziwa khomo lililonse la m'dera la Mouffetard. Umu ndi mmene linabadwira bungwe la St Vincent de Paul lomwe ukuliona m'maparishi athu ambiri. Ozanam sanasiye sukulu. Anamaliza, anakhala mphunzitsi wa pa yunivesite, anakwatira, n'kubereka mwana.

Apa ndiye ndili ndi mlandu nawe. M'kalata yako yonse sunatchule wosauka ndi mmodzi yemwe amene ukumuthandiza panopa. Chilembere mayeso wakhala pakhomo miyezi yambiri. M'mphakati mwanu mulibe gogo wosowa womutungira madzi? Lowa bungwe la St Vincent de Paul pa parishi panu, kapena pempha kuthandiza pa chipatala chapafupi. Kachape zofunda za munthu amene wadziipitsira, kakhale ndi nkhalamba imene ikukutukwana pamene ukuidyetsa phala. Ukatha miyezi 6 ukuchita zimenezi ndipo mtima ukadali pomwepo, lembera sisiteri woyang'anira za mayitanidwe, uzipita ku misonkhano yawo patchuthi uku ukuphunzira.

Tsopano kwa inu bambo, poti ndikudziwa kuti mwanayu akuwerengerani yankholi. Ng'ombe munagulitsa zija ndi nsembe yaikulu, ndipo palibe amene akuichepetsa. Koma munalipirira mwana sukulu, simunagule wantchito. Ndatopa ndi makolo amene amasankhira ana maphunziro poyang'ana galimoto ya mwana wa aneba. Mwana wapeza 7 masamu, inu mukumukankhira ku akaunti, komwe masamu ndiye ndiwo ndi nsima yomwe. Akakalephera kumeneko mudzagulitsanso ng'ombe ina, ndipo mudzanena kuti ndi wosayamika. Nkhawa yanu ya azing'ono ake ndi yomveka, ndipo n'zoona kuti sisiteri satumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi. Koma mukatseka khomo ndi ukali, mwanayu adzathawa ndithu, adzapita wopanda pepala, ndipo mudzataya zonse ziwiri. Mulipirireni mayeso obwereza. Muloleni aphunzire unamwino, omwe ukugwirizana ndi mtima wake komanso ungadyetse banja ngati atasankha kukhala kunja. Za velo mudzakambirane iye atakula, ali ndi dipuloma.

Mwana wanga, mapointsi 24 si olephera, ndipo mtsikana woganizira odwala ali Fomu 2 sapezekapezeka. Ndikuganiza kuti ukhoza, ngati ungasiye kumvera anzakowo. Pempha azakhali ako kapena bambo mfumu akhalepo pokambirana ndi bambo ako, usalankhule nawo wekha mitima ili m'mwamba. Ndipo sabata ino pita pa sekondale imene ili pafupi ukafunse tsiku lomaliza kulembetsa mayeso a MANEB kwa obwereza, ufunsenso mphunzitsi wa masamu amene angakuthandize madzulo.