Mwana wosakhazikika: musanati ndi ADHD, yambani mwaona izi

Mayi, mwafunsa za mwana wanu wa zaka 7 amene aphunzitsi akuti sakhala pansi, samaliza ntchito, ndipo amayankha funso lisanathe. Mwina ndi ADHD ndithu, vuto la mu ubongo lochititsa mwana kusaika maganizo pa chinthu, kusakhazikika ndi kupupuluma, koma musafulumire. Vutoli silioneka poyeza magazi kapena pojambula ubongo. Dokotala amadalira zimene makolo ndi aphunzitsi akhala akuona, choncho ntchito yaikulu ili kwa inu.

Madokotala ambiri amatsatira buku lofotokoza matenda a maganizo lotchedwa DSM-5, lomwe linatuluka mu 2013. Limati zizindikiro zikhale zoti zinayamba mwana asanakwanitse zaka 12, zatha miyezi 6, ndipo zimaoneka malo osachepera awiri, monga kunyumba ndi kusukulu. Pa zizindikiro 9 za kusaika maganizo pa chinthu, kapena 9 za kusakhazikika ndi kupupuluma, akhale nazo zosachepera 6, ndipo zizimusokonezadi pa maphunziro kapena pocheza ndi anzake. Ngati amavuta m'kalasi mokha, fufuzani za kalasilo kaye. Mwina kuwerenga kukumukanika, mwina anzake akumuzunza, mwinanso ndiye wamng'ono pa onse. Ana ocheperako msinkhu m'kalasi amanenedwa kuti ali ndi ADHD kawirikawiri kuposa anzawo.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa mavuto ena ofanana ndi ADHD. Pemphani amuyeze makutu ndi maso. Madzi akadzaza mkati mwa khutu, mwana amamva mawu ngati akuchokera patali, amatopa nako kumvetsera n'kuyamba kutakataka pampando. Onaninso tulo: wa msinkhu umenewu amafunika maola 9 mpaka 12. Wamkulu akasowa tulo amawodzera, koma mwana nthawi zambiri amangowonjezera phokoso ndi kudumphadumpha. Mumvetsereni usiku ngati akuliza mkonono, kupumira kukamwa kapena kubanika. Kuchepa kwa ayironi m'thupi nakonso kumasokoneza maganizo.

Palinso khunyu losagwetsa munthu. Mwana amangoti duu, maso tong'o, kwa masekondi pafupifupi 10, kangapo patsiku. Mugwireni paphewa ndi kumutchula dzina: amene wangopita kutali m'maganizo amatembenuka, wakhunyuyo satembenuka, ndipo pambuyo pake sakumbukira kanthu. Ngati akumwa kale mankhwala a khunyu a phenobarbital, nenani, chifukwa amachititsa ana ena kusakhazikika. Musabisenso za maliro, mikangano kapena nkhanza zimene mwanayo waona. N'zowawa kuzinena, koma mwana wamantha sangaike mtima pa phunziro.

Musasocheretsedwe poona kuti amatha maola akusewera pafoni osagwedezeka. Masewerawo amamupatsa chatsopano mphindi iliyonse, pomwe masamu satero. Chimodzimodzi kufatsa kwake pamaso pa dokotala: malo achilendo amamugwira kwa kanthawi chabe.

Ndiye chitani izi. Kwa milungu iwiri kapena itatu, lembani m'kope nthawi imene wagona ndi kudzuka, chimene chachitika, malo ake, ndi chimene chinayambitsa. Musalembe kuti "anavuta", lembani kuti "anadzuka kasanu pa mphindi 15 akulemba ntchito yakusukulu". Pemphani aphunzitsi achite chimodzimodzi, kapena adzaze fomu ya mafunso okhudza khalidwe la mwana, ya Vanderbilt kapena ya Conners, ngati dokotala ali nayo. Popita kwa dokotala tengani makope a mwanayo ndi malipoti a matemu apitawa, ndipo munene ngati kubanja kuli wina wotere, chifukwa vutoli limayenda m'magazi. Ndinenekonso kwa amene muli ndi ana aakazi: ambiri a iwo sachita phokoso, amangoiwalaiwala ndi kutaya zinthu, n'chifukwa chake sadziwika msanga.

Podikira zotsatira, chonde musamukwapule, chikwapu chimangowonjezera mantha. Muuzeni chinthu chimodzi pa nthawi mukumuyang'ana m'maso, ndipo akhale kutsogolo m'kalasi. Mankhwala a ADHD ngati methylphenidate musatenge kwa wina. Amachepetsa chilakolako cha chakudya ndiponso tulo, ndiye dokotala amayenera kumayeza kulemera, kutalika ndi kuthamanga kwa magazi kwa mwanayo nthawi ndi nthawi.