Zionetseni kaye kuno ku Kasungu, achimwene

Achimwene a ku Santhe, uthenga wanu ndauwerenga kawiri. Mwati muli ndi zithunzi zisanu ndi zitatu zopenta pamanja, mukufuna kukongola ndalama ku banki m'khonde kuti mukachite chionetsero ku Lilongwe, komanso pali mwini shopu wina kumeneko amene wati mukamusiyire zina azikugulitsirani. Ine ndakhala ndikupenta kuno ku Kasungu boma kwa zaka zambiri, masana kulemba masaini a magolosale, madzulo zithunzi zangazanga, ndiye ndikuyankheni ngati mkulu wanu. Ngongoleyo musatenge kaye. Lilongwe sathawa.

Zithunzi mwaponya pagulu panozi ndaziona, ndipo dzanja muli nalo. Chija cha amayi akusoka fodya m'chigafa chandigwira mtima, makamaka mmene mwaonetsera zala zawo zitada ndi phula la masamba. Koma zinazo, china ndi mkango, china ndi nyanja dzuwa likulowa, china ndi nkhope ya woyimba. Wolowa m'chipinda cha chionetsero amafuna amve kuti pali munthu mmodzi amene akulankhula naye kuchokera pakhomo mpaka kukhoma lomaliza. Mikango ndi ngalawa anzathu amazipenta zambiri m'mbali mwa nyanja, ndipo mukalowa m'gulu limenelo mudzangolimbirana nawo mtengo. Tsatirani fodyayo. Pentani nazale mbandakucha anthu akuthirira ndi makheni, mikangala itapachikidwa, anyamata akudinda belo pajeke, malole ali pamzere kumsika wa fodya ku Chinkhoma, tenanti atakhala pakhonde kudikira malipiro. Zimenezi mumazidziwa ndi fungo lomwe. Zikakwana khumi ndi ziwiri kapena khumi ndi zisanu, pamenepo ndiye tinganene kuti muli ndi chionetsero. Samson Kambalu, amene anaphunzira pa Kamuzu Academy kwathu konkuno ku Mtunthama, ataimika chosema chake pa Trafalgar Square ku London mu 2022, nkhani anaitenga kumudzi: John Chilembwe atavala chipewa, monga akuonekera pa chithunzi cha mu 1914.

Tsono za nsalu, chifukwa pa zithunzi ziwiri ndaona kuti ikukhota m'makona. Kaliko ndi wabwino, bola akhale wokhuthala. Kalipentala akukhomereni felemu ya matabwa ouma, osati aawisi, chifukwa aawisi akamauma amapindika n'kupinda chithunzi chomwe. Pokoka nsalu yambirani pakati pa mbali iliyonse, mbali iyi kenako yoyang'anizana nayo, makona pomaliza, mpaka mukaigogoda ndi chala izilira ngati kang'oma. Mukatero sungunulani guluu wa akalipentala ndi madzi pang'ono, pakani, aume. Pamwamba pake pakani penti yoyera ya PVA kawiri kapena katatu, mukupalapo ndi sandipepa wosalala ikauma. Mukalumpha zimenezi nsalu imamwa utoto wambiri, mitundu imazilala, ndipo ngati ndi penti ya mafuta imadya nsaluyo pang'onopang'ono.

Utoto wa m'machubu ndi wodula, ndikudziwa. Ine mitundu ina ndimaitenga pansi. Katondo amandipatsa kufiira, makande kuda kotuwirako, makala osinja kuda kwenikweni. Ndimayanika dothilo, kusinja mumtondo waung'ono, kusefa ndi kansalu, n'kusakaniza ndi guluu yemweyo. Ndinaphunzira poona mayi anga akuzira nyumba n'kujambula maluwa pakhoma ndi dothi la kudambo. Mukapeza mpata pitani ku Chongoni ku Dedza mukaone zojambula za m'mapanga, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa. Malo ake alipo 127, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Mukatsetserekere ku Mua, ku KuNgoni, malo a chikhalidwe ndi zaluso amene Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa mu 1976, mukaone mmene amaikira ntchito pakhoma kuti ifotokoze nkhani. Ulendo umenewu ndi umene ndingakulimbikitseni kuti muusungire ndalama.

Musatsamiritse zithunzi kukhoma zitagunda pansi. Ine dzinja lina ndinatero m'chipinda chomwe ndimapentera, ndipo pozisuntha mu February ndinapeza chiswe chadya mafelemu atatu, nsalu kumbuyo zachita chuku. Ntchito ya miyezi iwiri inathera pomwepo. Kolekani pamsomali kapena ikani pathandala, mphepo izipita kumbuyo.

Za mwini shopu uja ndiye zandiwawa, chifukwa zinandionekera. Ndinasiya zithunzi zisanu ndi chimodzi pa shopu ina mumzindamo, tinangogwirana chanza. Nditabwerera patapita miyezi ndinapeza zinayi, amene anazilandira anali atasiya ntchito, ndipo panalibe wovomera kuti zinalipo zisanu ndi chimodzi. Ndinakwera minibasi misozi ili m'maso. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ngati mukasiye, lembani pepala: dzina la chithunzi chilichonse, kukula kwake, mtengo, gawo limene iwo atengepo, tsiku lodzatenga zotsala, ndi amene alipire chikawonongeka. Musaine nonse awiri, aliyense asunge lake. Malo odziwika oonetsera zaluso alipo, monga La Galleria ku Old Town Mall ku Lilongwe ndi La Caverna ku Mandala House ku Blantyre. Kalowenimo mukaone, mukafunse mwaulemu mmene amalandirira ntchito. Mukafunsenso ku COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso, za umwini wa luso lanu, chifukwa wogula chithunzi sanagule ufulu wochisindikiza pamakalendala kapena pamalaya.

Gulani kope lachikuto cholimba muzilembamo chithunzi chilichonse, chaka chake, ndi kumene chapita. Kumbuyo kwa nsalu lembani dzina lanu ndi chaka. Chisanachoke pakhomo chijambuleni pafoni m'mawa, pamthunzi wa khonde, foni italunjika bwino, osayatsa fulashi.

Chionetsero choyamba chitireni kuno. Pemphani holo ya tchalitchi kapena kalasi ya sukulu Loweruka limodzi, pakati pa May ndi July, pamene alimi agulitsa fodya ndipo fumbi la October lisanayambe. Kolekani zithunzi molingana ndi maso a munthu woimirira, motalikirana, pansi pa chilichonse kapepala ka dzina ndi mtengo, kuti wamanyazi asachite kufunsa. Konzaninso tizithunzi ting'onoting'ono toti mphunzitsi kapena namwino angakwanitse, ndipo nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ikhale poonekera. Inuyo imani chapafupi, muzimvetsera. Ine tsiku langa loyamba agogo ena anaima nthawi yaitali pa chithunzi cha chigafa, kenako anandiuza kuti mphanda ndaziika motalikirana kwambiri, denga lotero lingagwe ndi mvula yoyamba. Ananena zoona, ndipo usiku womwewo ndinakonza.

Mukabwera kuboma sabata ikubwerayi mundiuze kumbali. Mutenge chija cha amayi osoka fodya ndi kaliko wa mita imodzi, tidzakokere limodzi felemu imodzi.